Maropeng ndi mapanga a Sterkfontein: pitani, koma dziwani chomwe mafupawa sakuyankha

Maropeng, nyumba yoonetsera za chiyambi cha anthu ku South Africa, ili pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchoka ku Johannesburg, mbali ya ku Hekpoort kudzera msewu wa R563. Pezani galimoto yanu kapena ya hayala, kudalira minibasi n'kudzizunza. Nyumbayi inatsegulidwa mu 2005, ndipo ukamafika imaoneka ngati chulu chachikulu chomera udzu. Mkati mumayamba ndi kaboti koyenda mumdima. Ana amakakonda, koma wamkulu saphunzirapo zambiri. Nthawi yanu isungireni zigaza za m'holo.

Mapanga a Sterkfontein ali makilomita pafupifupi 10 kuchoka pamenepo. Wasayansi Robert Broom anafukulamo chigaza chakale kwambiri chotchedwa Mrs Ples mu 1947. Valani nsapato zotseka, zosaterereka. Masitepe ndi ambiri, pena mumayenda chowerama chipewa cholimba chili kumutu, ndiye wa mawondo ovuta aganize kawiri. Madzi osefukira anatseketsa mapangawa kuyambira kumapeto kwa 2022 mpaka 2025, choncho nyengo ya mvula yambani mwafunsa ngati ali otsegula.

Vuto lake ndi ili: mlendo angatuluke akuganiza kuti mafupawa athetsa mkangano woti anthufe tinachokera pamalo amodzi kapena angapo. Ayi ndithu. Mrs Ples ndi Australopithecus, mtundu wa makolo akale a anthu, wa zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo mbali zonse zimavomereza kuti makolo akale chonchi anali mu Africa. Asayansi Chris Stringer ndi Milford Wolpoff ankatsutsana pa zapambuyo pake. Stringer ankati Homo sapiens, mtundu wa anthufe, anayambira mu Africa, n'kukalowa m'malo mwa onse omwe anawapeza kunja. Wolpoff ankati magulu a mu Africa, Asia ndi Ulaya ankasinthira limodzi chifukwa chokwatirana. Kafukufuku wa mu 1987 wa DNA yochokera kwa amayi anakomera Stringer. Kenako mu 2010 gulu la Svante Pääbo linapeza kuti anthu a kunja kwa Africa ali ndi kagawo ka DNA ya Neanderthal, mtundu wina wa anthu akale a ku Ulaya ndi Asia, pakati pa 1 ndi 4 peresenti. Kukwatiranako kunalipo, ngakhale kochepa.

Mu Africa momwemo nkhani siyowongoka. Zaka pafupifupi 300,000 zapitazo kunali anthu a ku Jebel Irhoud ku Morocco, mwini chigaza cha ku Kabwe ku Zambia, komanso Homo naledi wa kaubongo kakang'ono, amene anapezeka mu 2013 m'phanga loyandikana ndi Sterkfontein. Wokuperekezani mufunseni za atatuwa musanalowe m'phanga, chifukwa mkati mtima umakhala pa masitepe.