Neti kapena koyilo: chodalirika n'chiti polimbana ndi udzudzu ku Zomba?

Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amadikha m'maenje oumbira njerwa ndi m'madambo otsikira ku nyanja ya Chilwa, ndipo udzudzu wa Anopheles, womwe umafalitsa malungo, umaswana kwambiri. Podziteteza, mabanja a ku Chinamwali, Matawale ndi Chikanda amadalira koyilo wofukiza kapena neti yonyikidwa m'mankhwala.

Koyilo amapezeka pa okala iliyonse ndipo amathandiza madzulo anthu akamacheza pakhonde. Vuto lake n'lakuti amatha kuzima kusanache, pomwe udzudzuwu umaluma kwambiri pakati pa usiku mpaka mbandakucha. Utsi wake umatsokomoletsa ana m'chipinda chotseka mawindo, komanso ndalama imatuluka tsiku ndi tsiku.

Kwa ine, neti ndiyo yodalirika pogona, chifukwa imatchinga usiku wonse, imapha udzudzu woterapo, ndipo ikasamalidwa imagwira ntchito pafupifupi zaka 3. Amayi oyembekezera amailandira kwaulere kusikelo, n'chifukwa chake zimandipweteka mtima kuona neti ikugwira matemba ku Kachulu mwana akugona poyera. Ena amadandaula kuti mu neti mumatentha, makamaka mu Okutobala, ndipo sakunama, koma kutsegula windo kumachepetsa vutolo malinga m'mphepete mwa netiyo mwapisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi, ndipo kabowo kalikonse kasokedwa msanga.