Ndamaliza digiri ku India, imvani zomwe ejenti sanena

Inu amene mukundifunsa za "sikolashipu ya 50%" ya ku India, ndikuyankheni pamodzi poti ndamaliza ndipo ndikulongedza. Kuphunzira ndaphunzira ndithu, aphunzitsi ena anali abwino zedi ndipo ma labu ali ndi zipangizo, koma ndalama zimene makolo anga atulutsa sizikufanana olo pang'ono ndi zomwe zinali pa pepala la ejenti uja.

Hafu imene amakuchotseraniyo ndi ya tuition yokha basi. Ndipotu si sikolashipu, ndi mtengo wokopera makasitomala, m'kalasi mwathu a ku Zimbabwe, a ku Tanzania, a ku Nigeria tonse tinali ndi kalata yofanana, aliyense kwawo anamululutira kuti wachita mwayi. Ejenti anatilipiritsa $400 ya "processing", ndikufika kuno ndikupeza kuti fomu yake munthu umadzaza wekha pa intaneti, komanso yunivesite imamupatsa komishoni pa mwana aliyense amene wabweretsa. Akudya uku ndi uku eti.

Hositelo anati $900 pachaka zonse zili momwemo. Zonse zake ziti? Chipinda chake chinali cha fani yokha, pamene ku Punjab mu May ndi June kutentha kumafika madigiri 45, fani imangokupemerera mpweya wamoto, usiku tinkathira madzi pansi n'kugona pa simenti. Ukafuna cha AC wonjezera $500 ndipo magetsi ali ndi mita yakeyake. Ndiye pali ya mayeso semesita iliyonse, yunifolomu, inshuwalansi, dipoziti ya 10,000 rupees imene amati adzabweza pomaliza ndipo mpaka lero ndikungouzidwa kuti bwera mawa, ukalakwa phunziro limodzi kulembanso ndi ndalama, pa holide yaitali ukatsala mu hositelo ulipiranso padera. Kulembetsa ku FRRO, ofesi ya boma yolembetsa alendo, kumene kumafunika pasanathe masiku 14 ukangofika, kumachitika pa intaneti, koma mkulu wina anatitchaja 3,000 rupees aliyense kuti angotiikira mapepala pa kompyuta.

Bodza limene landipweteka kwambiri ndi loti "muzikagwira maganyu n'kumadzilipirira". Abale anga, viza ya sukulu ya India silola kugwira ntchito. Olo ikanalola, dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, ndani angasiye mwana wa kwawo wolankhula Hindi n'kulemba iwe? Ndaona anyamata amene anabwera ndi fizi ya chaka chimodzi chokha podalira mawu amenewa, chaka chachiwiri sukulu inakana kuwapatsa kalata yowonjezerera viza chifukwa cha ngongole, viza inatha, ndiye sungakwere ndege popanda chilolezo chotulukira m'dzikomo (exit permit) ndi kulipira chindapusa. Ali m'tizipinda ta lendi akubisala, kwawo akuuza makolo kuti zikuyenda. Ejenti foni sayankhanso, ali bize kusaka ana ena.

Makolo, fizi yake ndi ya madola. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 bambo anga anangodzuka ngongole itakula osachita chilichonse, ku banki foreksi kulibe, kuno sukulu ikuwerengera faini tsiku lililonse ndipo dzina lako salilola kulowa mayeso. Ngati mukuti tigulitsa puloti ya chaka choyamba zinazo Mulungu adziwa, mwanayo musamutumize.

Ejenti wachilungamo ndinamuona mmodzi yekha, mayi wina amene anabweretsa mnzanga. Iyeyo analemba mtengo wa zaka zonse pa pepala limodzi mpaka AC ndi tikiti yobwerera, anati ndalama zizipita ku akaunti ya yunivesite osati yake, ndipo mtsikana wina wofuna za unamwino anamubweza kuti akafunse kaye ku Nurses and Midwives Council ngati kozi yakeyo adzaivomere. Anataya komishoni dala. Enawo ukafunsa zimenezo amangokutumizira zithunzi za mageti okongola.

Potuluka napo pali msonkho wake. Fomu ya "no dues", yosonyeza kuti ulibe ngongole, uyende nayo ku laibulale, hositelo, akaunti, aliyense adinde, ndipo pamenepo ndi pomwe zimatulukira ngongole zimene sunazimvepo, ine anandipezera 2,500 rupees ya mpando umene ndinaupeza uli wothyoka kale. Akupatsa provisional certificate, digiri yeniyeni imatuluka pa mwambo wopereka madigiri (convocation) patapita miyezi iwe uli kale kwanu, kukutumizira ndi ndalama, transcript ndi ndalama, apostille, chidindo cha unduna wawo wa zakunja chotsimikizira pepalalo, ndi ndalamanso. Kumudzi kukudikira a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, kuti aunike pepalalo.

Achinyamata inu, zithunzi timaika pa Facebook zija tili pa Taj Mahal ndi za tsiku limodzi, musasiye malo amene mwapeza ku yunivesite ya kwathu chifukwa chofuna kukwera ndege. Ngati India mukuifunadi, yesani sikolashipu za boma lawo za ICCR zodzera ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, sizifuna ejenti. Apo ayi onani nokha ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa UGC, bungwe la boma loyang'anira mayunivesite ku India, ndipo muuzeni ejentiyo akupatseni nambala ya mwana amene ali chaka chomaliza, osati amene wangofika kumene.