Pressure cooker ikakana kusunga nthunzi: kusintha labala kapena kupita kwa mmisiri?

Mpoto wamagetsi wa pressure cooker ukamangofuka nthunzi osayamba kuwerenga mphindi, mwiniwake amakhala ndi njira ziwiri: kugula labala watsopano wa m'chivundikiro, kapena kunyamula mpoto wonse kupita nawo kwa mmisiri wa zamagetsi. Ine ndimakonda njira yoyamba, ngakhale kuti siithetsa vuto lililonse.

Labala uja ndi amene amatseka mpata wa pakati pa mpoto ndi chivundikiro, ndipo akakalamba amatamuka n'kuyamba kukhwepa, moti nthunzi imathawira m'mbali monse ndipo kapini kachitsulo ka pachivundikiro, kamene kamakwera nthunzi ikadzaza mumpoto, sikakwera. Mukaona zimenezi, kwa mmisiri mukangotayako ndalama ya basi. Opanga Instant Pot, mtundu umodzi wa mipoto imeneyi, amalangiza kusintha labalayu pakatha miyezi 12 mpaka 18, ndipo kumuika sikufuna chida chilichonse koma zala zokha. Chofunika n'kugula wolingana ndi mpoto wanu, chifukwa wa mpoto wa malita 5.7 sangagwire pa wa malita 7.6, ndipo ena otsika mtengo amakhala opyapyala moti amadontha adakali atsopano.

Komabe musanagule kanthu, onetsetsani kuti kotulukira nthunzi kaloza pa mawu akuti Sealing, kutanthauza kuti katsekeka, ndiponso kuti mwathira madzi osachepera kapu imodzi ndi theka mumpoto wa malita 5.7, kapena makapu awiri mu wa malita 7.6. Mpoto wanga unandivutitsapo nditaphika nyemba zodzaza kupitirira theka la mpoto. Thovu linakwera n'kukaumira pa kapini kaja pamodzi ndi kakhungu ka nyemba, ndipo nditachotsa kachipewa kake kalabala kunsi kwa chivundikiro n'kutsuka ndi mswachi wakale, kapiniko kanayambanso kukwera bwinobwino.

Mmisiri amafunika pamene vuto lili m'kati mwa makina, monga mpoto ukamayaka koma madzi osatentha n'komwe, kapena Instant Pot ikalemba C6, kutanthauza kuti kachipangizo koyeza mphamvu ya nthunzi kawonongeka. Apa labala watsopano sangathandize. Njira imeneyi ndi yodula komanso yochedwa, popeza zipangizo zosinthira sizipezeka msanga, ndipo chimene ndimaopa kwambiri ndi mmisiri wolumikiza waya m'malo mwa fyuzi yopserera. Mpoto ukhoza kuyambanso kuphika, koma chouteteza kuti usatenthe mopitirira muyeso chimakhala chachotsedwa, choncho muuzeni akuonetseni chipangizo chimene wachotsa ndi chimene waikapo musanalipire.