ShebaMiles, Marriott Bonvoy kapena khadi ya ngongole: wa ku Blantyre atenge chiti?

Makhadi a ngongole opatsa mamailo a ndege (mapointi amene mumasinthanitsa ndi tikiti), monga Chase Sapphire ndi ena a American Express, amatchuka kwambiri pa intaneti, koma kuti muwapeze pamafunika adiresi ndi mbiri ya ngongole ya ku America. Kuno makhadi ambiri a Visa ndi Mastercard ndi ongotapira ndalama zathu zomwe za mu akaunti. Ngakhale mutapeza ya ngongole, chiwongoladzanja chathu n'chokwera moti mukachedwa kubweza mwezi umodzi wokha, phindu la mapointi lapita. Onjezani kusowa kwa madola komwe kumachititsa mabanki kuika malire pa zogula kunja. Ine khadi ndimaiika kumapeto.

Mpikisano weniweni uli pakati pa ShebaMiles, yopatsa mamailo mukakwera ndege, ndi Marriott Bonvoy, yopatsa mapointi mukagona m'mahotela a Marriott, ndipo kulembetsa konseku n'kwaulere.

ShebaMiles ndi ya Ethiopian Airlines, yomwe ili ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines ndipo inalowa mu Star Alliance, mgwirizano wa makampani a ndege, mu 2011. Kwa wonyamukira pa Chileka, apa ndiye pali nyama, chifukwa mamailo amalowanso mukakwera Lufthansa, Turkish Airlines kapena South African Airways, omwenso ali mu mgwirizanowu. Umembala wanu ukakwera kuchoka pa Blue kufika pa Silver ndi Gold, amakuwonjezerani makilogalamu a katundu. Amayi ndi abambo a geni amene amaima pa sikelo ya pabwalo la ndege n'kumatulutsa nsapato m'chikwama kuti chipepuke akudziwa kuti phindu limeneli limaposa tikiti yaulere. Tikiti yaulereyonso si yaulere kwenikweni: misonkho ya pabwalo mumalipirabe, ndipo matikiti otchipitsitsa amapereka mamailo ochepa.

Bonvoy ili nayo nyumba m'tauni muno, Protea Hotel Ryalls, popeza Marriott inagula Protea mu 2014. Koma wa ku Namiwawa kapena Chilomoni angagone kangati pa Ryalls? Imathandiza amene ntchito imawatumiza ku Johannesburg kapena Lusaka, kumene mahotela a Protea alipo angapo. Dziwaninso kuti mapointi ake amatha mukakhala miyezi 24 osapeza kapena kugwiritsa ntchito ena.

Ngati mumayenda ndi ndalama za m'thumba mwanu, yambani ndi ShebaMiles. Polembetsa, dzina lilembedwe ndendende monga lilili m'pasipoti, ndipo wokugulitsani tikiti mumuuze nambala yanu ya ShebaMiles asanaisindikize.