LinkedIn kwa amene muli chaka chomaliza: ndi yabwino, koma osati pa chimene ambiri amayilowera

Ophunzira a chaka chomaliza amakonda kufunsa kuti kodi LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikizirana pa nkhani za ntchito, imathandizadi kapena yangokhala Facebook ya anthu ovala masuti basi. Ine ndimati imathandiza ndithu, koma ambiri amayilowa mochedwa komanso amayilowera khomo lolakwika. Munthu amadikira mpaka mayeso atha, gauni wabweza, ndiye ndi pamene akutsegula akaunti usiku umodzi, kuika chithunzi chodula pa gulu la anzake phewa la wina likuonekabe, kenako kuyamba kuapulaya ntchito iliyonse imene yatulukira pa sikirini. Pakatha miyezi iwiri palibe wamuyankha, basi akuti LinkedIn ndi bodza.

Pulatifomuyi si yatsopano ayi, inayamba mu 2003, Facebook isanabwere n'komwe, ndipo m'modzi mwa amene anayiyambitsa ndi Reid Hoffman. Microsoft inayigula mu 2016 pa ndalama zoposa madola 26 biliyoni, ndipo mu 2023 eni ake analengeza kuti olembetsa akwana 1 biliyoni. Izi sindikuzinena kuti ndiyitame, koma kuti muone kuti kwa zaka zoposa 20 anthu akhala akulembapo okha kumene anaphunzira, ntchito imene anayambira, atakhalapo zaka zingati, kenako anapita kuti. Kwa munthu amene sukudziwa kuti digiri yakoyi ikufikitsa pati, zimenezozo ndiye zofunika kuposa china chilichonse chimene chili pamenepo, ndipo ndi zaulere.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi ka batani kolembedwa Alumni. Mukasaka dzina la yunivesite kapena koleji yanu n'kulowa pa peji yake mukapeza pamenepo, koma ambiri sanakadinepo chibadwire. Mukadina kamakuonetsani anthu amene anadutsa pasukulupo, ndiye mutha kusefa kuti ndikufuna amene anaphunzira kosi yangayi, amene anamaliza pakati pa chaka chakuti ndi chakuti, ndipo imakuonetsani kumene akukhala, kumene akugwira ntchito ndi mtundu wa ntchito imene akuchita. Ine ndimalangiza kuti musamayang'ane amene anamaliza kalekale omwe pano ndi mabwana, njira imene anadutsa iwowo mwina inatsekeka kale. Yang'anani amene anamaliza zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Tsegulani mapulofailo awo 20 kapena 30, mutsike pansi penipeni pa mndandanda wa ntchito zawo, muone ntchito yoyamba. Pamenepo ndi pamene maso amatseguka, mupeza kuti wa kosi ya zaulimi ali ku banki mbali ya ngongole za alimi, wa masamu akusanthula deta ku kampani ya inshuwalansi, wa zauphunzitsi akuphunzitsa antchito m'bungwe lina lake, ndipo ambiri mwa iwo anayamba ndi internship kapena ntchito yongodzipereka ya miyezi yochepa imene simungayiganizire n'komwe. Mupezanso mayina a maudindo amene mkalasi simunawamvepo, ndiye mumadziwa tsopano mawu oti muzisaka. Mukaona kuti anthu ambiri amene ali kumene inu mukufunako ali ndi satifiketi inayake kapena akutchula pulogalamu inayake ya pa kompyuta, basi mwadziwa choti muphunzire semesita yomalizayi isanathe. Kukonzekera kwenikweni ndi kumeneko, osati kungokhala n'kumati ndikamaliza ndidzaona.

Vuto lake n'lakuti chimenechi chimadalira kuti anthu a pasukulu yanu alipo ambiri ndipo amakonza mapulofailo awo. Makosi ena monga a kompyuta, akaunting ndi zamalonda mupeza anthu mbwee, koma ena mupeza ochepa, ena mwa iwo pulofailo anayisiya chilembere chaka chimene anamaliza. Komanso anthu amalemba zokoma zokha, chaka chimene anakhala pakhomo osagwira ntchito sachilemba, ndiye musamadzione ngati inu nokha ndi amene zikukuvutani.

Mukawapeza anthuwo mutha kuwatumizira pempho lolumikizana nawo n'kuikapo ka uthenga kakafupi. Malo olembapo ndi ochepa kwambiri, ndipo pa akaunti yaulere mauthenga otere ali ndi malire, ndiye osamawononga ndi "moni bwana" yekha ayi. Nenani kuti ndinu ndani, mukuphunzira kosi imene iwo anaphunzira, ndipo funsani funso limodzi loyankhika, monga kuti ntchito yawo yoyamba anayipeza bwanji kapena ndi chiyani chimene akanakonda atachiphunzira ali pasukulu. Kupempha ntchito mu uthenga woyamba kumathawitsa anthu, munthu sakukudziwa akupatsa ntchito bwanji, mwinanso iyeyo alibe mphamvu yolemba munthu. Ambiri sayankha, zimenezo zivomerezeni, koma mmodzi akayankha amakuuzani zinthu zoti m'buku mulibe.

Za pulofailo sindichulutsa. Mzere umene uli pansi pa dzina lanu umaonekera paliponse pamene dzina lanu latuluka, ndiye kulembapo kuti "wophunzira" kapena "ndikusaka ntchito" ndi kuwononga malo, lembani chimene mwaphunzira ndi chimene mumatha. Chabwino china n'chakuti pali malo oikapo maprojekiti, ntchito zongodzipereka, makosi ndi masatifiketi, ndiye amene mumadandaula kuti ndilibe experience ndilemba chiyani, risechi yanu ya chaka chomaliza ija ilowe pamenepo, atachimenti ilowe, ngati munali msungichuma wa kalabu ya ophunzira lembani kuti munkachita chiyani kwenikweni. Ka mkombero kobiriwira ka Open to Work, kamene kamaikidwa pa chithunzi chanu kusonyeza kuti mukusaka ntchito, kanabwera mu 2020, ena amakanyoza kuti kamaonetsa kusimidwa koma kwa munthu amene wangomaliza kumene sukulu ine sindikuonapo chamanyazi, aliyense akudziwa kuti ukusaka. Ngati sikakusangalatsani mutha kusankha kuti azione olemba ntchito okha.

Tsopano mbali ya ntchito zotsatsidwa, apa ndiye mamakisi anga ndi ochepa. Easy Apply, batani loapulayira ntchito pa LinkedIn pomwepo, ndi yokoma kudina, masekondi ochepa wamaliza kuapulaya, koma kuphweka komweko ndi kumene kumapangitsa kuti aliyense adine, oyenera ndi osayenera omwe, ndiye CV yanu imakalowa mu mulu waukulu. Ukasefa kuti ndikufuna za Entry level, za ongoyamba kumene ntchito, umapezabe zina zikufuna zaka zitatu za experience, kaya amene amalembawo amaganiza kuti zakazo tizitenga kuti. Koma nambala ija imene imaonetsa kuti anthu oposa 100 aapulaya kale isakuopsezeni kwambiri, pa ntchito zimene zimakutumizani ku webusaiti ya kampani imawerenga amene adina batani, si onse amene amakamaliza fomu. Chothandiza apa ndi kuika ma alert pa maudindo awiri atatu amene mwawapeza kwa ma alumni aja, n'kusefa zimene zaikidwa m'maola 24 apitawa. Komanso ma advert amenewa ndi abwino kuwawerenga ngakhale simukuapulaya, mukawerenga khumi a ntchito imodzi muona maluso amene akubwerezedwabwerezedwa. Musaiwalenso kuti mabwana ambiri makamaka a mabizinesi ang'onoang'ono ndi ntchito za boma satsatsa pa pulatifomuyi, ndiye amene wadalira LinkedIn yokha akuphonya zambiri.

Premium, akaunti yolipira, kwa munthu amene sanayambe kulandira malipiro ine ndingati ayi. Imakuonetsani amene aona pulofailo yanu, imakupatsani ma InMail, mauthenga ochepa otumizira anthu amene simunalumikizane nawo, ndi makosi a LinkedIn Learning, amene anachokera ku Lynda.com yomwe LinkedIn inayigula mu 2015. Makosiwo ndi abwino ndithu makamaka a Excel ndi ena a pa kompyuta, koma satifiketi yake si yoti ingalowe m'malo mwa pepala la bungwe loona za ntchito yanu, ndipo masukulu ena amawapereka ulere kwa ophunzira awo, funsani kaye ku laibulale. Zodziwa amene wakuonani zimangokusangalatsani mtima basi, wakuona ndiye kenako chiyani. Amapereka nthawi yoyeserera yaulere koma amafuna muikiretu khadi, ndipo nthawiyo ikatha musanayimitse amayamba kudula okha, ndiye mukayesa ikani alamu pa foni.

Chimene chimanditopetsa ndi zimene anthu amaposita. Aliyense ndi wokondwa kulengeza, aliyense wakwezedwa, wina wapeza phunziro la utsogoleri pa kugwa kwa mwana wake panjinga, aaa abale. Kwa munthu amene wakhala miyezi osaitanidwa ku intaviyu ngakhale imodzi zimenezi zimalasa mtima, ndipo ukhoza kutha ola lathunthu ukungotsitsa sikirini, deta ikupita, osachitapo chilichonse chokuthandiza. Ndi bwino kulowa ndi cholinga, kusaka, kutumiza uthenga, kutuluka. Ma notification ambiri muwazimitse tsiku loyamba lomwelo apo ayi imelo yanu idzadzaza.

Achinyengo nawonso alipo ngati kulikonse pa intaneti, ndipo amakonda omaliza kumene sukulu chifukwa akudziwa kuti muli pa changu. Munthu akakulemberani kuti mwasankhidwa pa ntchito imene simunaapulaye, akufuna mukambirane pa WhatsApp kapena Telegram, kenako akuti tumizani ya fomu, ya training kapena ya visa, ameneyo mblokeni n'kumuripota. Onani ngati pulofailo yake ndi yatsopano, ngati ali ndi anthu ochepa olumikizana nawo, ndipo kafufuzeni pa webusaiti yeniyeni ya kampaniyo ngati ntchitoyo ilipodi. Chithunzi cha chiphaso chanu ndi nambala ya akaunti ya ku banki musapereke kwa munthu amene simunaonane naye pa intaviyu.

Pa nyenyezi zisanu ndiyipatsa zinayi ngati chida choonera kumene kosi yanu imafikitsa anthu ndi kupezera oti muwafunse, ziwiri ngati malo oapulayira ntchito, Premium imodzi kwa amene akadali pasukulu. Ndipo ngati muli chaka chomaliza tsegulani panopa mukadali ndi ma lecturer ndi supavaiza wa risechi pafupi, chifukwa pali malo amene munthu amakulemberani umboni wa ntchito yanu n'kumaonekera pa pulofailo, ndipo kuwapempha akukuonani mkalasi n'kosavuta kusiyana ndi kudzawalembera patapita zaka ziwiri atakuiwalani dzina.