Kuphunzira za kusintha kwa zamoyo: Zomba kapena konkuno ku Blantyre?

Mwana wa ku Ndirande wofuna kudziwa mmene zamoyo zimasinthira m'mibadwomibadwo ali ndi njira ziwiri. Ku yunivesite ya UNIMA, ku Zomba, bayoloje imakufikitsa kunyanja: mbuna, utaka, chambo, mitundu mazanamazana ya nsomba yochokera kwa makolo ochepa chabe. Nkhani yokoma zedi, koma ntchito zake n'zosowa.

Ine ndingasankhe KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya konkuno ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Kumeneko kusinthako kumakhudza odwala enieni. Tizilombo ta malungo titasiya kumva chloroquine, boma lidamuchotsa mu 1993 n'kubweretsa mankhwala ena otchedwa SP (Fansidar). Patapita zaka, tizilombo timene chloroquine amapha tidachulukanso. Udzudzu nawo ukupirira mankhwala a m'maneti. Chovuta n'chakuti maphunzirowo amatsamira kwambiri ku zachipatala, moti dzina la Darwin, katswiri amene adatchukitsa chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo, umalimva mwa apo ndi apo.