Taylor's Tawny wa zaka 10: womwa pang'onopang'ono mukatha kudya

Botolo la vinyo wa Taylor's 10 Year Old Tawny ndinaligula m'sitolo ina ya mowa ku Borrowdale, muno mu Harare. Madola ake anandipweteka m'thumba, sindinama. Koma anzanga a ku Highfield ndinawauza kale, ndipo ndikubwereza pano: ndalama ija sinapite m'madzi.

Vinyoyu ndi wa mtundu wa port, wochokera kuchigwa cha mtsinje wa Douro ku Portugal, ndipo kampani ya Taylor's inayamba mu 1692. Kutsekemera kwake sikwa shuga wothira. Madzi a mphesa akamawira, shuga wake asanathe, amathiramo mowa waukali wotcheza kuchokera ku mphesa, kuwira kuja n'kuima pomwepo. N'chifukwa chake ukali wake umafika 20 peresenti, pamene vinyo wamba amathera cha m'ma 13. Akatero amamusunga m'migolo yamatabwa kwa zaka. Mpweya umalowerera m'matabwamo pang'onopang'ono, kufiira kwa vinyoyo n'kumazilala, ndipo mtundu wozilalawu ndi umene amautcha tawny. Nambala 10 ija sikutanthauza zokolola za chaka chimodzi ayi. Amasakaniza vinyo wa zaka zosiyanasiyana kuti kakomedwe kake kafike pa msinkhu umenewo.

Mukathira m'katambula n'kukayang'ana padzuwa, pakati pamaoneka pofiirira, m'mphepete mwachikasu. Mukakapendeketsa, vinyoyo amatsetsereka mwaulesi. Fungo loyamba ndi la mphesa zouma ndi nkhuyu. Mukadikira pang'ono mumamva mtedza wokazinga, shuga wopserera, ndi khoko la lalanje chapatali. Pakamwa ndiye pali nkhani. Amayamba ndi kutsekemera kokhuthala, koma kumbuyo kwake kuli kawawasidwe kamene kamaletsa kuti asakukoleni. Amene munatafunapo masawu ouma a pamsika wa Mbare Musika mukudziwa kukoma kotereku, kotsekemera uku kukuwawasa. Mukameza, pakhosi pamafunda, ndipo kakomedwe ka mtedza kamatsalira nthawi yaitali moti simufulumira kumwanso. Apa m'pamene ndimamukondera.

Amalume anga a ku Mufakose, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza akadali mnyamata, atamva kuti ndi wotsekemera anaitanitsa Coca-Cola kuti asakanize. Ndinawagwira mkono. "Amalume, chonde, yambani mwalawa yekha kaye." Analawa, anakhala chete, kenako anafunsa ngati mtedza wamchere unalipo. Anaganiza bwino, chifukwa mtedza wokazinga ndi mchere umagwirizana naye kwambiri. Tchizi wouma nayenso ndi bwenzi lake, komanso keke ya zipatso ya pa Khirisimasi. Pa nsima ndi ndiwo musamuyandikize. Dikirani mbale zichoke.

Kutentha ndi mdani wake. Mu Okutobala muno mu Harare, vinyoyu akafunda ukali umakwera m'mphuno, nkhuyu ndi mtedza zija n'kubisala. Muikeni m'firiji kwa kanthawi musanathire, koma madzi oundana musaponyemo. Botolo mukalitsegula silionongeka msanga. Litsekeni bwino, likhale pozizira, lidzakupirirani milungu ingapo, ngakhale magetsi azithimathima. Pogula yang'ananinso pamene laikidwa. Sitolo ina m'tauni ndinapeza mabotolo otere ali pawindo, dzuwa likuwawomba, ndinangotuluka.

Amene thumba silikulola, ku Calitzdorp ku South Africa amapanga vinyo wofanana naye wotchedwa Cape Tawny. Boplaas ndi De Krans ndi mayina odziwika kumeneko, ndipo mungatume wachibale amene akubwera pabasi kudzera pachipata cha m'malire cha Beitbridge.

Amene muli ndi matenda a shuga, ndikukupemphani ndi mtima wonse, uyu musiyeni. Enanu katambula kamodzi n'kokwanira, ndipo botolo limodzi litha kukwanira alendo khumi kapena kuposerapo. Woyendetsa galimoto mumpatse tiyi.